Shoo ya maola atatu anthu ali chikhalire: kodi kuno ku Zomba zingatheke?

BesiWaMatawale
Abale anga a pa gulu lino, ndili ndi funso lomwe landivuta kwa nthawi ndithu. Kodi munthu akalipira pakhomo n'kukhala pampando maola atatu akungomvera zida zikulira, osavina, ndiye kuti wataya ndalama?

Ndikufunsa chifukwa mu Okutobala 2024 ndinali ku London kwa achemwali anga omwe ndi namwino kumeneko, ndipo alamu anga ananditengera ku O2 Arena kukaonera bandi ya ku America yotchedwa Dream Theater. Amaimba progressive rock ya magitala aukali. Panali pa 20, shoo yoyamba ya ulendo wawo wokumbukira zaka 40 chiyambire bandiyo, komanso kanali koyamba kuti woimba ng'oma wawo Mike Portnoy akwere nawonso pa siteji chichokereni mu 2010. Holoyo imalowa anthu pafupifupi 20,000. Tinakwera sitima ya pansi pa nthaka mpaka North Greenwich, kungotuluka basi chidenga choyera chija chili patsogolo pathu. Mipando yathu inali m'mwamba kwambiri, potsetsereka, moti ukayang'ana pansi miyendo imachita kuzizira.

Panalibe bandi yotsegulira. Anthu asanu okha, chigawo choyamba, kupuma pang'ono, chigawo chachiwiri. Nyimbo ina inatenga mphindi 24. Inayamba ndi woimba kiyibodi yekha, mwakachetechete, ena n'kumalowa mmodzimmodzi mpaka holo yonse kugwedezeka. Ine ndimaimba besi ku tchalitchi, ndiye maso anga anali pa John Myung ndi besi yake ya nsambo 6. Ndinali kutali moti ndinkamuonera pa sikirini, koma noti iliyonse yomwe chala chake chinakhudza inafika m'khutu mwanga yoyera.

Chibwerereni, aliyense amene ndimamufotokozera amangofunsa kuti, ndiye munavina? Ndikati ayi, nkhani yathera pomwepo. Ndipo ine ndikapita ku mashoo athu tsopano ndimabwerako ndi chisoni, chifukwa ndimaona mnyamata wa besi akuchita zinthu zaluso ndi zala zake koma chomwe chikumveka ndi kugunda kwa m'chifuwa basi. Kodi kuno ku Zomba tingakhale ndi shoo yoti anthu abwere kudzamvera?

KabazaWaMpondabwino
Achimwene, maola atatu osadzuka? Ine ayi. Nyimbo ikakoma thupi limadziwa lokha, silidikira chilolezo.

Nachisale_Sadzi
A Besi, zikomo potigawira, ndipo ndasangalala kuti munaona zimenezo. Koma pali china chomwe chandikhudza m'mawu anu. Mukuti mumabwerako ndi chisoni ku mashoo athu. Kwathu kuno nyimbo si ya woimba yekha. Wovina nayenso akuimba nawo, wa nthungululu akuimba nawo, wokwera kukafupa akuimba nawo. Ma Blacks akamaimba anthu ali gwa pamipando, Anjiru angaganize kuti chalakwika. Ndiye tisamayeze zathu ndi muyeso wa eni ake.

BesiWaMatawale
Achemwali, sindikunyoza kuvina, nanenso ndimavina. Chisoni changa chili pa oimba zida omwe amayeserera miyezi koma luso lawo silimveka.

Nachisale_Sadzi
Ndiye vuto ndi masipika, osati mipando. Tisasakanize.

InjiniyaWaZokuzira
Apa achemwali a Nachisale alasa. Ine ntchito yanga ndi imeneyi, maukwati, misonkhano, mashoo, ndiye ndifotokozeko chifukwa chomwe a Besi anamvera noti iliyonse ali kudenga.

Choyamba, m'maholo akuluakulu masipika sawaunjika pansi m'mbali mwa siteji monga timachitira ife. Amawakoleka m'mwamba, ambirimbiri motsatizana, mzere wake wopindika pang'ono kumunsi. Bokosi lililonse lili ndi chigawo chake cha mipando chomwe likuponyera mawu. La pamwamba likuponyera akutali, la pansi likuponyera apafupi. Ngodya zake amaziwerengeratu pa kompyuta potengera mapu a holoyo asanakoleke chilichonse. Ife tikaunjika pansi, wa kutsogolo makutu akuphulika pomwe wa kumbuyo akumva zosokonekera, chifukwa matupi a anthu amameza mawu opyapyala n'kusiya besi yokha ikudutsa.

Chachiwiri ndi nthawi. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Munthu amene ali mamita 100 kuchokera pa siteji amamva ng'oma patapita pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi. Mukaika sipika ina pakati pa holo osaichedwetsa, munthuyo amva ng'oma imodzi kawiri. Ndiye masipika akumbuyo amawachedwetsa dala kuti mawu ake afike limodzi ndi ochokera kutsogolo. Pa nyimbo ya reggae kusokonekera kotere munthu amapirira. Pa nyimbo zomwe a Besi akunenazi, zomwe gitala ndi kiyibodi zimathamanga limodzi noti ndi noti, zonse zingasanduke phala.

Chachitatu, oimba ambiri a mabandi otere savutika ndi masipika a pa siteji. Amavala tam'makutu, aliyense akumva zomwe iye akufuna, ndipo pali munthu wapadera amene ntchito yake ndi yomweyo basi. Siteji ikakhala chete, wa pa mikisa yaikulu amakhala ndi mphamvu zonse. Ife pano wa gitala amakweza ampu yake chifukwa sakudzimva, wa besi naye akweza, woimba akuwa kuti onjezerani mayiki, mapeto ake ine pa mikisa ndangokhala mboni.

Koma chachikulu kuposa zonse ndi kuyesa zida. Anzathuwo amafika m'mawa, tsiku lonse akukonza, zitseko zisanatsegulidwe zonse zatha. Ine amandipatsa holo anthu atayamba kale kulowa, chifukwa masana munali ukwati.

KabazaWaMpondabwino
Ndiye aja amati wanu tu, wanu tu pa mayiki ola lathunthu tili mkati, si dala?

InjiniyaWaZokuzira
Si dala amwene. Ndi ntchito ya m'mawa ikugwiridwa usiku.

Ng'omaZaChikanda
Ine ndine wophunzira pa Chirunga pano, ndimaimba ng'oma. A Kabaza, chifukwa china chomwe anthu savinira nyimbo zimenezi n'chakuti sizikulola. Nyimbo zambiri zomwe timavina zimawerengeka 1, 2, 3, 4, n'kubwereranso. Mwendo umadziwiratu pomwe uponde. Awa amatha kuimba chigawo chowerengeka mpaka 7, chotsatira mpaka 5, kenako 9, kenako kubwerera ku 4. Ukati uponde, pogunda pasamuka. Ndiye chisangalalo chake chimakhala chotsatira ndi mutu, kuona ngati onse asanu atulukire limodzi kumapeto kwa chigawocho. Akatulukira limodzi, ndi pomwe anthu amakuwa. A Besi, ndikunama?

BesiWaMatawale
Simukunama mphwanga. Ndipo anthu sanali zii ayi. Portnoy atangooneka, phokoso lake sindinalimvepo chibadwire. Pa makolasi holo yonse inkaimba nawo. Bambo wina wa imvi pafupi ndi ine ankaimba ng'oma pa mawondo ake, kusintha kulikonse akukudziwa. Kwa ine nyimbo ya mphindi 24 ija inali ngati kukwera phiri lathuli kudzera ku Potato Path: pali potsetsereka pomwe umapuma movutikira, pali pathyathyathya, ndipo pamwamba pamakoma chifukwa wayenda wekha njira yonse.

Nachisale_Sadzi
A Ng'oma, mfundo yanu ndaimva koma sindikuivomera yonse. Mukuyankhula ngati kuvuta kwa kawerengedwe ndi komwe kumaletsa kuvina. Munaimapo pafupi ndi oimba tchopa? Kapena manganje nthawi ya zinamwali? Ng'oma ina ikuyenda katatu pomwe ina ikuyenda kawiri mu nthawi yomweyomweyo, yaikulu ikuyankhula zake pamwamba, ndipo agogo a zaka 70 akuvina osaphonya. Zovuta kuwerenga tili nazo kalekale, ndipo timazivina.

Ng'omaZaChikanda
Zoona anti, ndipo ng'oma za tchopa n'zovuta kuposa zambiri zomwe ndimaimba pa seti. Kusiyana kwake n'kwakuti zathu zimazungulira. Zikayamba, mkombero wake umabwerera pomwe unayambira, thupi limaugwira n'kukhazikika. Za anzathuwa mkombero amauthyola dala usanakhazikike. N'chifukwa chake ndikuti ndi zomvera.

Nachisale_Sadzi
Apo ndiye tagwirizana. Koma kuthyola dala chinthu chomwe chikanakoma, ine sindikuona ubwino wake.

MphunzitsiOpuma
Ana anga, ndiloleni ndilowepo, chifukwa nyimbo zimenezi ine ndinakumana nazo ndili mnyamata, muno mu Zomba momwemuno.

Zinayambira ku Britain kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Anyamata ena omwe anakulira m'makwaya a tchalitchi ndi m'masukulu a nyimbo anatopa ndi nyimbo za mphindi zitatu za pa wailesi, n'kuyamba kupeka zazitali, zosakaniza rock ndi jazi ndi nyimbo za okesitila. King Crimson inatulutsa chimbale chake choyamba mu 1969. Panali Yes, Genesis, Pink Floyd, Jethro Tull. Nthawi imeneyo mbali imodzi ya chimbale inkalowa mphindi 20 ndi pang'ono, ndipo mabandi ena ankadzaza mbali yonse ndi nyimbo imodzi. A Dream Theater anu a Besi ndi adzukulu a amenewa, anayamba mu 1985 ku sukulu ya nyimbo ya Berklee ku Boston.

Chancellor College itasamukira kuno kuchoka ku Chichiri mu 1973, kunabwera aphunzitsi ambiri akunja, ndipo ena anabwera ndi zimbale zawo. Ine Pink Floyd ndinaimvera koyamba m'nyumba ya mphunzitsi wina, tili anyamata angapo pa mkeka, iye atazimitsa nyale. Palibe anayankhula mpaka singano inafika kumapeto. Ndinatuluka m'nyumbamo ndikudziwa kuti nyimbo ingathe kukutengera kutali popanda kusuntha phazi.

Koma sizikanamera mizu kuno. Wailesi inali imodzi, MBC, ndipo kanema tinadzakhala naye mu 1999. Bungwe loona zoyenera kuonetsedwa ndi kumvedwa linali ndi mphamvu zambiri. Tsitsi lalitali kwa mwamuna linali mlandu, mabuluku otambalala kumiyendo aja nawonso ayi, ndipo alendo ofika ndi tsitsi lalitali ankametedwa asanalowe m'dziko. Mnyamata wofuna kuoneka ngati woimba rock akanathera kupolisi asanagule ndi gitala lomwe.

Chomaliza, kwa mwana wanga Nachisale. Si zoona kuti kwathu nyimbo iliyonse ndi yovina. Woimba bangwe kapena kaligo ankakhala pakhonde madzulo, anthu atamuzungulira chikhalire, akumvera mawu ndi zala. Gitala la Daniel Kachamba, mukalimvetsera bwino, muli besi, muli nyimbo, muli ng'oma, munthu mmodzi. Malemu Wambali Mkandawire, amene anatisiya mu 2021, ankaimba zinthu zomwe umayenera kutchera khutu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalidwe lomvera tinali nalo, langophimbidwa ndi phokoso.

Nachisale_Sadzi
Bambo, ndalandira ndi manja awiri. Za bangwe ndi zoona, agogo anga aamuna ankaimba. Koma ngakhale pamenepo anthu ankavomera. Ngakhale nthano, wokamba akati padangotero ife timati tili tonse. Chomwe chimandiopsa ndi holo ya anthu 20,000 yomwe woimba sakuona nkhope ya munthu ndi mmodzi yemwe.

MphunzitsiOpuma
Mantha amenewo ndi oona, mwana wanga, ndipo ngakhale eni ake anawamva. Roger Waters wa Pink Floyd anafika ponyansidwa ndi mabwalo akuluakulu mu 1977, ndipo m'mashoo a 1980 ndi 1981 ankamanga khoma lenileni pakati pa bandi ndi anthu nyimbo zili mkati, kusonyeza kutalikirana komweko.

WaKuChipata_Chinamwali
Madala atchula za Malawi, ine ndiwonjezere za kwathu. Ndinabadwira ku Zambia ngakhale ndakhala ku Chinamwali zaka zambiri. Nthawi yomwe kuno ankameta anthu, kwathu kunali Zamrock. WITCH ya Jagari Chanda, Amanaz, Ngozi Family ya Paul Ngozi, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga. Magitala aukali, tsitsi lotukuka, mabuluku otambalala. Kaunda analamula kuti nyimbo zambiri za pa wailesi zikhale za m'dziko momwemo, ndipo ku migodi ya kopa kunali ndalama zogulira zida ndi matikiti. Mtengo wa kopa utagwa zinthu zinazilala, kenako matenda anatenga oimba ambiri. Koma lero WITCH ikuimbanso ku Ulaya ndi ku America. Ndiye wina asanene kuti rock ndi ya azungu okha, a Chichewa ndi Chinyanja ndife amodzi ndipo tinaiimba.

Mai_a_Tadala
Inetu mayina onsewa ndi achilendo kupatula limodzi. Genesis si ya Phil Collins uja wa nyimbo zachikondi?

MphunzitsiOpuma
Yemweyo mayi. Ambiri kuno amamudziwa ngati woimba za chikondi, koma analowa Genesis mu 1970 ngati woimba ng'oma, ndipo anali katswiri wa kawerengedwe kovuta komwe mnyamata wa ku Chikanda akunena. Anayamba kutsogolera nyimbo Peter Gabriel atachoka mu 1975. Shoo yomaliza ya Genesis inachitikira mu holo yomweyo ya a Besi mu Malichi 2022, Collins ali pampando chifukwa cha kudwala, mwana wake Nic ndi amene ankaimba ng'oma. Gabriel uja ndi mmodzi mwa omwe anayambitsa chikondwerero cha nyimbo cha WOMAD mu 1982, komwe anyamata athu a Malawi Mouse Boys anakaimbako.

Namulunguzi
Poti tafika pa zathu zopita kunja, tisaiwale kuti chimbale choyamba cha ku Malawi kupikisana nawo pa mphoto za nyimbo za Grammy, mu 2016, chinajambulidwa muno mu Zomba, kundende, Zomba Prison Project. Munalibe magetsi amitundumitundu kapena masikirini. Nyimbo zambiri zinali mawu ndi gitala basi. Ndiye ine nkhani ya zida zodula siyinditenga mtima kwenikweni.

InjiniyaWaZokuzira
Achemwali, chimbale chimenecho chinakoma chifukwa wojambula anaika mayiki pamalo oyenera ndipo mawu aliwonse akumveka. Ndi mfundo yomweyo ya a Besi. Si kudula kwa zida, ndi kusamala.

Mai_a_Tadala
Ine ndinene za amayi. Ndinasiya kupita ku mashoo osati chifukwa chodana ndi kuvina. Pa chikalata alemba kuti 1 koloko masana, bandi yaikulu ikukwera dzuwa litalowa. Pofika nthawi imeneyo ena aledzera kale, kukankhana, kugwiranagwirana, mabotolo pansi. Ulendo wina ndinapita ndi mwana wanga wamkazi ku holo ina muno m'tauni, tinatuluka bandi yomwe tinalipirira isanayambe. Ndiye a Besi, chomwe chandikopa pa nkhani yanu si mphindi 24 ayi. Ndi mpando wokhala ndi nambala, nthawi yoyambira yodziwika, nthawi yothera yodziwika. Munatuluka nthawi yanji?

BesiWaMatawale
Tinatuluka sitima zikuyendabe mayi, anthu onse aja anakwera n'kumapita kwawo. Ndipo munali mabanja, bambo ndi mwana wake wamkazi, agogo ndi adzukulu.

KabazaWaMpondabwino
Za mayendedwe ndiye musayambe. Shoo ikatha 2 koloko usiku, munthu akuti ndiperekezeni ku Sadzi kapena ku Three Miles, mvula ikugwa, msewu uli thope lokhalokha, mdima. Ukatchula mtengo akuti wakuba. Sadziwa kuti pobwerera ndili ndekha ndipo njinga si yanga.

Namulunguzi
Nanga inu a kabaza bwanji simuvala zipewa, ndipo okwera simuwapatsa?

KabazaWaMpondabwino
Ine ndili nazo ziwiri. Amayi ambiri amakana okha, akuti tsitsi liwonongeka.

Mai_a_Tadala
Chipewa chomwe chavalidwa ndi tauni yonse osachapidwa, achimwene, mukutiimba mlandu?

WaKuChipata_Chinamwali
Abale, za zipewa titsegulire nkhani yake. Pano funso linali la shoo.

WokonzaMashoo
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndi amene ndimaika ndalama zanga patsogolo, ndiye ndiyankhe funso la a Besi m'zigawo ziwiri.

Kubweretsa bandi ngati imeneyo kuno, iwalani. Malo oti anthu akwane alipo, Bingu National Stadium imalowa anthu oposa 40,000, koma holo yofoleredwa ya anthu 20,000 tilibe. Mabandi amenewa amayenda ndi malole a zida ndi gulu la antchito, amalipidwa ndi ndalama zakunja, ndipo aliyense akudziwa momwe ndalama zakunja zikusowera. Akabwera ku Africa amathera ku Johannesburg ndi Cape Town. Ndipo kuno ndani angadzaze ngakhale mipando 500 kudzaonera bandi yomwe wailesi siyiimba?

Tsono shoo yathu yomvera, ya oimba athu. Apa ndikufuna mumvetse momwe ndalama imayendera. Ndimalipira holo, zida, jenereta ndi dizilo yake poti magetsi sungawadalire, achitetezo, chiphaso cha COSOMA, zikalata, bandi. Za pakhomo nthawi zambiri zimangobweza zimenezi. Phindu limachokera ku zakumwa. Munthu wovina amamva ludzu, wokhala pampando amagwira botolo limodzi mpaka kutha. Ndipo kuchedwa kuyamba komwe mayi a Tadala akudandaula, mbali ina ndi ife, mbali ina ndi inu. Anthu sagula matikiti pasadakhale. Amadikira panja kuti amve ngati zayamba kukoma. Bandi siyifuna kuimbira mipando, ine sindingailipire ndisanaone za pakhomo, ndiye tonse tikudikirana. Anzathu aja tikiti amagula miyezi isanafike shoo, wokonza amadziwiratu kuti ali ndi zingati.

Mai_a_Tadala
Ndiye yambani ndi inu. Lembani 6 koloko, yambani 6 koloko, ngakhale muli anthu 20. Kachiwiri tidzafika msanga.

WokonzaMashoo
Mayi, koyambako ndi komwe kungandigwetse. Ngongole ya koyamba ndilipira ndi chiyani podikira kachiwiri?

Namwino_waUsiku
Ndilowepo ndi za makutu poti palibe wazitchula. A Besi, munavala zotseka m'makutu? Amene mumaima pafupi ndi masipika, kulira kwa m'makutu komwe mumamva m'mawa mwake si chizindikiro choti shoo inakoma. Ndi timinyewa ta mkati mwa khutu tavulala, ndipo tikafa sitimeranso. Mu 2022 bungwe la WHO linatulutsa malangizo oti phokoso la m'malo a zisangalalo lisapitirire ma decibel 100 pa muyeso wa phokoso. Ndimaona ana ang'onoang'ono atakhala pamwamba pa masipika pa maukwati, mtima umandipweteka. A Injiniya, inu muli ndi choyezera?

InjiniyaWaZokuzira
Ndimayezera pa foni, sichilondola kwenikweni koma chimathandiza. Vuto ndi eni mwambo. Ndikatsitsa amabwera kudzati talipira, kwezani amve ku Ndola.

BesiWaMatawale
Alamu anandipatsa tapulasitiki tofewa, anati aliyense wozolowera mashoo amayenda nato. Chodabwitsa n'chakuti nditavala ndinkamva zida bwino kuposa nditachotsa.

A Wokonza, ndamva za ndalama ndipo sindikutsutsa. Koma ine sindikulota za anthu 20,000. Ndikuganiza za holo yaing'ono, anthu 100 kapena 150, masana a Lamulungu anthu atachoka ku tchalitchi. Zomba ili ndi yunivesite yophunzitsa nyimbo, ili ndi oimba a bandi ya apolisi ndi ya asilikali omwe amawerenga manoti, ili ndi makwaya omwe amayeserera mawu anayi sabata iliyonse. Pa mipikisano ya makwaya anthu amakhala pansi tsiku lonse akumvera. Omvera alipo kale, sitinawaitanepo basi.

Ng'omaZaChikanda
Achimwene a Besi, ine ndilipo. Koma tisakaimbe za Dream Theater, tingangochita manyazi ndipo palibe chifukwa. Ndili ndi maganizo a nyimbo imodzi yaitali, mwina mphindi 12. Iyambe ndi ng'oma za tchopa zenizeni, mkombero ukhazikike mpaka anthu augwire. Kenako besi ilowe ikuwerenga mpaka 7 pamwamba pake, ziwirizo zizisemphana n'kumakumana. Pakati zida zonse zikhale chete, patsale kwaya. Kumapeto zonse zibwerere mu mkombero woyamba, ndipo amene akufuna kudzuka adzuke. Mnzanga wa kiyibodi wavomera kale.

Nachisale_Sadzi
Mphwanga, iyi ndiye ndingabwere kudzamvera. Koma tchopa si ng'oma yongotola. Ndi gule wa Alhomwe wa nsembe ndi wothokoza mizimu pa zokolola, ndipo UNESCO inamulemba m'kaundula wake mu 2014. Musakamuphunzire pa foni. Pitani kwa eni ake ku Phalombe kapena ku Mulanje, mukapemphe, ndipo oimba ng'omazo akhale iwowo, alipidwe mofanana ndi wa gitala. Zikapanda kutero ndidzakhala woyamba kukutsutsani pano.

Ng'omaZaChikanda
Amayi anga ndi a ku Phalombe, anti. Amalume ndi omwe ndikawafunse, ndipo akakana tisintha.

MphunzitsiOpuma
Zikatheka ine tikiti ndigula pasadakhale, kuti a Wokonza aone kuti alipo ogula. Ndipo ngati anyamata mukufuna kumva momwe akale ankalumikizira zigawo za nyimbo yaitali, zimbale zina ndikadali nazo ku Kalimbuka kuno. Muli cha Yes ndi cha Osibisa, bandi ya anyamata a ku Ghana ndi ku Caribbean, ndipo mudzaona kuti zithunzi za pa zikuto zake anajambula ndi munthu mmodzi, Roger Dean. Chomwe ndilibe ndi singano ya galamafoni.

WokonzaMashoo
Sindikulonjeza. Mukandionetsa mayina 60 a anthu omwe alipira kale, ndifunafuna holo. Osakwana 60, sindilowamo.

KabazaWaMpondabwino
Ine maganizo anga sanasinthe, nyimbo yosavinika si yanga. Koma poti mwati kumapeto ng'oma zibwerera, kumbuyo musiyeko malo opanda mipando.

Mai_a_Tadala
Lembani awiri, ine ndi Tadala. Koma 6 koloko tikhale tatuluka.

InjiniyaWaZokuzira
Ine zanga ndi ziwiri. Holo ndiipeze m'mawa, yopanda ukwati masana. Ndipo a Ng'oma munditumizire mndandanda wa zida zonse msanga, chifukwa mikisa yanga ili ndi malo 16 okha. Seti yanu yokha idya 7, ng'oma za amalume sindikudziwa kuti zibwera zingati, ndipo kwaya sindinaiwerengere.